Jezi ya pa kaunjika yolembedwa Belleville Bulls, ndi timu yanji imeneyi?

Wakaunjika_Limbe: Abale anzanga pagulu pano, makamaka inu muli kunjaku, ndithandizeni. Lero mmawa tamasula belo la majuzi ndiye mkatimo ndapezamo chijezi chachikulu, chakuda chosakaniza zofiira ndi kachikasu, kutsogolo kuli ng'ombe yamphongo yolusa, chalembedwa Belleville Bulls. Mikono yake italiitali, thupi lake lotakata moti ungalowemo ndi mwana kumsana. Mnyamata wina pamsika pano akuti ndi timu ya Michael Jordan ndiike mtengo wokwera. Zoona zimenezi? Ndisapusitse kasitomala komanso ndisadzipusitse ndekha

Neba_wa_Maule: Kkkkk ya Jordan ndi Chicago Bulls aise, basketball, ndipo majezi ake alibe mikono. Mnyamata wakuuza uja umubwezere fizi yake

Manoma_Mpakana: Mwina ndi Bullets koma osindikiza anatopa panjira kkkk

Neba_wa_Maule: Yayamba nsanje ya ku Lali Lubani mmawa uno

Mayi_a_Anyamata: Achimwene imeneyo ndi jezi ya hockey ya pa ayezi, ya kuno ku Canada. Ndi yotakata choncho chifukwa mkati amavala zotchinjiriza mapewa, chifuwa ndi zigongono. Mwana wanga amasewera ndiye zinthu zimenezi ndimachapa sabata iliyonse, fungo lake musafunse. Koma za timuyo dikirani ankolo adzuke, iwo amakhala ku Belleville komweko. Kuno kudakali usiku

Wakaunjika_Limbe: Zikomo achemwali, ndayichotsa kaye pa hang'ala ndayiika mchikwama

Ankolo_aku_Quinte: Ndadzuka ndapeza foni ikungolira, ndimati kwagwa zovuta kumudzi, kani ndi Bulls. Mwandikumbutsa kutali ana inu. Mwana wanga wa ku Limbe, chomwe wagwiracho ndi jezi ya timu yomwe kulibenso. Inatha mu 2015. Inali timu ya anyamata achisodzera, kuno amati junior, ya tauni ya Belleville m'chigawo cha Ontario. Tauni yake si yaikulu ai, anthu ake angopitirira pang'ono 50,000, ili m'mbali mwa madzi a Bay of Quinte, ukachoka ku Toronto kulowera kummawa pa msewu wa 401 ndi ulendo wa maola awiri. Timuyi inalowa mu ligi ya Ontario Hockey League, OHL, mu 1981, ndiye werengani nokha, zaka 34 ikusewera mu tauni imodzi bwalo limodzi. Ine ndinafika kuno 2006 ndiye ndinaona zaka zake zomaliza ndi maso angawa, zakumbuyoko ndinamva kwa anzanga a kufakitale omwe akayamba nkhani ya Bulls nthawi ya lanchi mpaka belu kulira chakudya chisanathe.

Manoma_Mpakana: Ankolo junior ndiye kuti ngati ma under 20 athuwa? Nde anthu akuluakulu angamalire timu ya ana?

Ankolo_aku_Quinte: Apo mpamene ndinalakwitsa nanenso pofika. Ndinkaganiza kuti ndi za ana asukulu zoonera makolo okha. Ai. Anyamata ake ndi a zaka 16 mpaka 20, a zaka 20 amaloledwa atatu okha pa timu, koma amasewera magemu 68 pa sizoni osawerengera a ndime zochotsana, amayenda pa basi usiku wonse, anthu amalipira pakhomo, wailesi imaulutsa, ndipo akuluakulu a matimu a NHL, ligi yaikulu koposa ya hockey kuno, amakhala pamwamba ndi timabuku kulemba maina. Ambiri omwe mumawamva ku NHL anadutsa mmaligi amenewa. Tauni ngati Belleville singakhale ndi timu ya NHL mpaka kalekale, ndiye junior ndiye mpira wawo waukulu.

Komanso chinthu china chomwe chimapangitsa kuti anthu azimva ngati timu ndi yawoyawo, anyamatawa sakhala ku hositelo. Mwana wa zaka 16 amachoka kwawo, mwina mtunda wa tsiku lathunthu, amapatsidwa banja la mtauni momwemo loti azikhala nalo, amawatchula ma billet. Amadya pakhomopo, amagona pakhomopo, mmawa amapita ku sekondale ya mderalo. Gogo wina yemwe tinayandikana naye nyumba anasungapo anyamata angapo motsatizana, pa fuliji yake panali zithunzi zawo mbwee kuposa za zidzukulu zake. Ankadandaula kuti mnyamata mmodzi amamaliza mkaka wa banja lonse tsiku limodzi koma tsiku la gemu ankamuphikira pasta masana, kumuuza akagone kaye, madzulo iye uyo ndi bulangete lake kubwalo.

Mphunzitsi_Wopuma: Zikumveka ngati mmene tinkasungira ana a achibale obwera kudzaphunzira mtauni. Koma ndifunse ankolo, masewerawo amayenda bwanji? Ife timangoona pa TV anthu akuthamangitsana, mpirawo sitiuona nkomwe

Mayi_a_Anyamata: Aphunzitsi ndiyankheko ine ankolo apume. Mbali iliyonse anthu 6 kuphatikiza goloboyi. Zigawo zitatu za mphindi 20, wotchi imaima masewero akaima. Mpira wake si wozungulira ngati wathu, ndi kachimbale ka labala yolimba kakuda, puck, amakasunga mufiriza gemu isanayambe kuti kasamadumphedumphe. Kumapazi nsapato zokhala ndi mpeni pansi. Osewera amasinthana osaimitsa gemu, munthu amangokhala pa ayezi mwina osakwana mphindi imodzi wabwerera pabenchi befu ali wefuwefu. Ukalakwa amakutsekera mkabokosi mphindi ziwiri anzako nkumavutika operewera

Neba_wa_Maule: Kabokosi kameneko tikabweretse mu ligi yathu, ena akhalamo mpaka Khirisimasi

Ankolo_aku_Quinte: Kkkk. Ine gemu yanga yoyamba anandikokera ndi mnzanga wa kuntchito, ndinapita nditavala kajekete kopyapyala poganiza kuti poti ndi mnyumba mukhala mofunda. Abale. Mapazi anachita dzanzi chigawo choyamba chisanathe. Ndipo puck sindinaione ngakhale kamodzi, ndinkangoona anthu onse aimirira akukuwa, nyali yofiira yayaka kuseri kwa golo, ndiye nanenso nkuimirira mochedwa ngati mlendo kutchalitchi cha eni. Chomwe chinandigwira ndi phokoso, mipeni ija ikamakala ayezi ndi anyamata akamagundana pa matabwa a mmbali galasi lonse kunjenjemera pamphuno pako. Pa buleki kunabwera chigalimoto chosalaza ayezi, Zamboni, ana onse kuchikweza manja ngati kwadutsa apulezidenti.

Bwalo lakelo linkatchedwa Yardmen Arena, linatsegulidwa 1978. Dzinalo linachokera kwa gulu la anthu ogwira ntchito ku njanji omwe anasonkhetsa ndalama zothandizira kumanga, ndiye mukuona kuti kuyambira pa maziko anthu wamba anaikapo thukuta lawo. Munkalowa anthu 3,000 ndi mazana ochepa basi. Koma chomwe linatchuka nacho ndi kukula kwa ayezi. Mabwalo ambiri kuno ndi mafiti 200 mulitali, 85 mulifupi. La Belleville linali 200 ndi 100, saizi ya ku Olympics. Mafiti 15 amaoneka ochepa polemba koma alendo akabwera ankasochera, woteteza kumbuyo akuti amutsekereze munthu kukhoma, khomalo lili kutali, mnyamata wadutsa kale. Ndiye Bulls inkakonda kusankha anyamata aliwiro.

Wakaunjika_Limbe: Nde inkawina ankolo kapena inali timu yongoperekeza anzawo? Ndikufuna ndidziwe poika mtengo kkk

Ankolo_aku_Quinte: Chikho cha ligi, J. Ross Robertson Cup, inatenga kamodzi kokha, 1999. Mu 1986 inafika mu fainolo nkugonja kwa Guelph Platers. Koma 1999 ija ukamufunsa munthu wamkulu aliyense kuno akuuza komwe anali tsikulo. Fainolo inali ndi London Knights, London ya ku Ontario osati ya ku Mangalande, ndipo kuno sasewera gemu imodzi, amakumana mpaka wina apambane kanayi. Zinafika gemu ya nambala 7. Bulls inapambana 9 kwa 2, ndipo zigoli 5 anamwetsa mnyamata mmodzi, Jonathan Cheechoo. Mnyamata ameneyu ndi wa mtundu wa Cree, eni nthaka akuno, kwawo ku Moose Factory kumpoto kwenikweni kufupi ndi James Bay komwe kulibe msewu wa tala wokafika. Patapita zaka anakagoletsa zigoli 56 mu sizoni ya 2005-06 ku San Jose Sharks, kuposa wina aliyense mu NHL chaka chimenecho. Kochi wa 1999 anali Lou Crawford. Atatenga ligi anapita ku Memorial Cup ku Ottawa, kumene akatswiri a maligi atatu a junior amakumana pamodzi ndi timu ya eni bwalo, anatulukira mu semi, anawatulutsa eni bwalo Ottawa 67's omwe anatenganso chikhocho.

Mphunzitsi_Wopuma: Memorial, chikumbutso cha ndani?

Ankolo_aku_Quinte: Cha asilikali a Canada omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse aphunzitsi, chinayamba 1919. Pano amakumbukira onse ofera kunkhondo.

Yomwe ndinaona ine ndi 2008. Kochi George Burnett. Tinafika fainolo ndi Kitchener Rangers, anatimenya magemu atatu otsatizana aliyense nkuti basi zatha, anyamata anadzuka nkubweza atatu nawonso. Sabata imeneyo kufakitale ntchito inkayenda mwa dzina lokha. Gemu ya 7 tinaluza. Komabe poti Kitchener ndi yomwe inkalandira Memorial Cup chaka chimenecho, ife tinalowa nawo ngati oimira OHL, nkukakumananso ndi Kitchener yomweyo mu semi, anatikwapula 9 kwa 0, musandifunse zambiri. Chotonthoza chinali choti Kitchener nayo inaluza fainolo kwa Spokane Chiefs, ndipo popereka chikho chinathyoka mmanja mwa kaputeni wa Spokane, mbale kugwa pa ayezi tsinde kutsala mmanja, dziko lonse likuonera. Kuno tinaseka mwezi wathunthu

Manoma_Mpakana: Mwayamba kunena kuti "tinaluza" ankolo, mwasanduka mzungu wa ku Belleville kkkk

Ankolo_aku_Quinte: Mwana iwe, ukakhala pamalo nyengo yozizira ziwiri zitatu, kunja kukuda 5 koloko isanakwane, chipale chofika mmawondo, uona wekha komwe ukapezeke Loweruka madzulo. Komanso pali chifukwa china. Mu timu ya 2008 munali mnyamata wakuda, woteteza kumbuyo, P.K. Subban. Bambo ake anachokera ku Jamaica, mayi ake ku Montserrat, iye anakulira ku Toronto. Masiku amenewo mbwalo lonse anthu akuda tinkatha kuwerengana ndi zala za dzanja limodzi, ndiye kuona mwana wofanana ndi ana ako atanyamula puck kuchokera kuseri kwa golo lake, kuzungulira pa chiayezi chotakata chija anthu onse ataimirira kukuwa dzina lake, zinkandichititsa kanthu mumtima. Anasewera kuno 2005 mpaka 2009, Montreal Canadiens ya NHL inamusankha 2007 pa draft, pomwe matimu amasinthana kusankha osewera achisodzera, mu 2013 anapatsidwa Norris Trophy ya woteteza kumbuyo wopambana mu NHL yonse. Ndipo sanali yekha, ang'ono ake awiri anadzeranso pa Bulls pomwepa, Malcolm goloboyi yemwe Boston inamusankha mu raundi yoyamba 2012, ndi Jordan.

Neba_wa_Maule: Nde mnyamata wa pamsika uja sananame, Jordan anaseweradi mu Bulls imeneyi kkkkkk

Wakaunjika_Limbe: Kkkkkk ndikamuuza mawa adzitama mpaka madzulo

Mayi_a_Anyamata: Mwana wanga anayamba hockey chifukwa cha P.K. yemweyo. Ine ndinkafuna mpira wamiyendo, nsapato imodzi basi wamaliza. Izi ndodo ikathyoka mtima umayamba wathyoka ndi wa kholo. Komanso kudzuka 5 koloko mmawa Loweruka kukapala ayezi pagalasi la galimoto kuti mwana akachite training, Mulungu yekha adziwa

Mphunzitsi_Wopuma: Ndamvapo dzina la Gretzky, ameneyu sanadzereko?

Ankolo_aku_Quinte: Wayne Gretzky, katswiri wotchuka koposa wa hockey uja, sanasewere kuno koma kumayambiriro kwa ma 1980 anali ndi gawo mu umwini wa timuyi, ndipo mng'ono wake Brent anavala jezi ngati ili ku Limbeyo. Enanso odziwika ndi Marty McSorley, Al Iafrate, Darren McCarty, Jason Spezza pang'ono chabe. Amene anayambitsa zonse ndi dokotala wina wa mtauni muno, Dr. Robert Vaughan, ndipo kochi yemwe madala akuno amamutchula kwambiri ndi Larry Mavety

Wakaunjika_Limbe: Nanga timu yabwinobwino choncho inatha bwanji? Ndalama zinadyedwa?

Ankolo_aku_Quinte: Palibe anadya ndalama. Inagulitsidwa basi, ngati mmene ungagulitsire minibasi. Nkhani inali pa bwalo. Yardmen inali itakalamba, mipando yochepa, ndipo kwa zaka zambiri mwini timu Gord Simmonds ndi khonsolo ya mzinda ankangokokanakokana za kukonza kapena kumanga latsopano. Bwalo ndi la mzinda, timu ndi ya munthu. A khonsolo ankaona misonkho ya anthu, mwini timu ankaona mabuku ake, komanso tinene zoona zaka zomalizazo mipando yambiri inkakhala yopanda anthu, ena omwe analira kwambiri pambuyo pake ndinali ndisanawaonepo kubwalo. Mu Malichi 2015, sizoni isanathe nkomwe, tinangomva kuti timu yagulidwa ndi Michael Andlauer ndipo ikupita ku Hamilton kukakhala Hamilton Bulldogs. Anyamata anamaliza magemu otsalawo akudziwa kuti akusamuka. Gogo neba wanga uja anandipeza ndikutaya zinyalala, sanandipatse ndi moni yemwe, anangoti chipinda chapansi chija ndichita nacho chiyani tsopano

Neba_wa_Maule: Dikirani kaye. Mukutanthauza kuti munthu angagule timu nkuinyamula kupita nayo mzinda wina, kusintha dzina ndi mitundu yomwe? Ife Bullets yakhala Bata, Total, Bakili, Nyasa, FCB koma ndi ya Blantyre ndipo ndi yofiira. Wina ayese kunena kuti mawa ikukakhala ku Mzuzu ikhale yobiriwira aone ngati atuluke mu Ndirande

Manoma_Mpakana: Apa pokha ndigwirizane ndi neba. Kwathu timu imafa kampani ikasiya kuthandiza, ngati MDC United, koma kusamutsa ai

Mayi_a_Anyamata: Kuno nzachizolowezi achimwene. Malo mu ligi ndi katundu wa mwini wake. Chaka chomwecho 2015 Plymouth Whalers ya ligi yomweyo inasamukira ku Flint nkukhala Firebirds. Komano ankolo musatipange ife a ku Hamilton ngati akuba. Nafenso chaka chimenecho tinalandidwa, Bulldogs yathu yoyamba inali ya akuluakulu ya AHL, ligi yomwe ili pansi pa NHL, inagulitsidwa kwa Montreal nkupita ku St. John's. Anatibweretsera ana anuwo kuti dzina lisafe. Ndipo tinawalera bwino, chikho cha OHL 2018 ndi 2022, inu zaka 34 kamodzi kokha

Ankolo_aku_Quinte: Mayi mwalasa pachilonda. Nanga lero ili kuti timu munailera bwinoyo?

Mayi_a_Anyamata: Iiii ankolo. Ili ku Brantford kuyambira 2023. Anati bwalo lathu likukonzedwa ndiye akungokabisala mvula kwa zaka zochepa, mapeto ake akhazikika konko, ndipo inagulitsidwanso kwa banja la Zach Hyman wosewera wa Edmonton uja

Neba_wa_Maule: Mkazi wolanda amalandidwanso kkkk

Admin_Gulu: Neba chonde, pagulu pano pali azimayi ndi akuluakulu

Neba_wa_Maule: Pepani a admin, ndimanena timu

Mphunzitsi_Wopuma: Ndiye ku Belleville kulibenso hockey? Bwalo lija linasanduka chiyani?

Ankolo_aku_Quinte: Apa mpamene pamandipweteka mutu aphunzitsi. Bulls itachoka bwalo linakhala zaka ziwiri lopanda timu yaikulu. Kenako khonsolo inapeza mamiliyoni a madola nkulikonza lonse, mipando kupitirira 4,000, ayezi wotakata uja anamuchepetsa kukhala saizi ya NHL, dzina nkukhala CAA Arena. Mu 2017 kunabwera Belleville Senators, timu ya AHL, ya osewera olipidwa omwe akudikira kukwera ku Ottawa Senators ya NHL. Nayonso anachita kuilanda kwa ena, inali ku Binghamton ku New York. Ndiye funso lomwe anthu amafunsa mpaka lero ndi loti ndalama zomwe zinasowa nthawi ya Bulls zinapezeka bwanji Bulls itapita. Ena amati zinatheka chifukwa anthu anadzidzimuka, ena amati bola tinapeza ligi yapamwamba. Ine ndimapita ndithu, hockey yake ndi yothamanga kuposa ya junior, sindingakane. Koma awa ndi abambo okhala mmafulati awo, lero ali pano mawa foni yalira ali ku Ottawa. Suwapeza pa fuliji ya gogo aliyense.

Tsono imvani izi. Mu 2023 Ottawa Senators inagulidwa, pamodzi ndi Belleville Senators yomwe. Wogula wake ndani? Michael Andlauer. Yemwe uja ananyamula Bulls kupita nayo ku Hamilton ndiye mwini wa timu yomwe ikusewera mu bwalo la Bulls lero

Manoma_Mpakana: Ayi ankolo mukupeka kkkkk

Ankolo_aku_Quinte: Kafufuze pa intaneti ubwere undipepese

Manoma_Mpakana: Ndapepesa ankolo

Mayi_a_Anyamata: Koma ankolo kunena mwachilungamo munthuyo sanabe, anagula chomwe chinali pamsika. Mukanadzaza bwalo sizikanafika apo

Ankolo_aku_Quinte: Sindikukana mayi, ndanena kale kuti mipando inali gwaa. Komano tikiti ndinkagula ine, anyamata ankadyetsa ndi gogo uja, maziko anathandiza ndi anthu a njanji, ndipo tsiku logulitsa palibe mmodzi wa ife anafunsidwa. Zikwangwani za Bulls anthu akadali nazo mmagalaja, pa gemu ya Senators ukayang'ana bwino upeza madala angapo avala jezi yakale yomweyo. Ine ndikuganiza kuti ya ku Limbeyo mwini wake anamwalira kapena anasamukira ku nyumba ya okalamba, ana nkulongedza zonse mmatumba kukasiya ku sitolo ya zovala zakale, zotsala nkumangidwa mabelo. Munthu wa Bulls wamoyo sangataye jezi imeneyo

Wakaunjika_Limbe: Ankolo mwandimvetsa chisoni, ndaitulutsanso mchikwama ndikuiyang'ana. Kumsana kulibe dzina kapena nambala. Pamkono wamanja pali kodontha ngati khofi kosachoka, ndipo mkhosi mwasokedwa ndi ulusi wamanja, wina anaikonzapo

Ankolo_aku_Quinte: Ndiye inali ya sapota, osati ya wosewera. Khofi ameneyo ndi wa pa Yardmen ndithu, chigoli chikalowa makapu ankauluka. Mwana wanga usaigulitse pamsikapo. Tchula mtengo ndikutumizira, mlamu wanga akubwera kuno mu Ogasiti adzanditengere

Neba_wa_Maule: Jezi yachoka ku Canada pa sitima ya pamadzi, yadzera ku Beira, yafika ku Limbe, ibwererenso pa ndege kkkk iyi yayenda kuposa ine

Wakaunjika_Limbe: Ankolo pepani mwachedwa pang'ono. Ndafika nayo kunyumba, mayi a kunyumba aiona akuti imeneyi ndi ya Juni, bambo awo ku Bvumbwe amalondera dimba la kabichi usiku ndipo kumazizira koopsa. Aichapa kale ili pachingwe. Ndiyesa kukambirana nawo koma musayembekezere zambiri

Ankolo_aku_Quinte: Asiyeni madala avale. Mungondijambulira ali mdimbamo, ndikamuonetse gogo uja Lamulungu, ali ku nyumba ya okalamba tsopano koma maso akuonabe

Wakaunjika_Limbe: Chabwino ankolo, ikauma. Khofi uja sanachoke